Mvula ikadula kwa Kapondo

Mvula ikadula pakati pa Januwale, mlimi wa kwa Kapondo amayamba kuwerenga masiku. Sabata yoyamba sadandaula, mwinanso amakondwa, chifukwa udzu umene wapalira umafa msanga ndipo fodya amapezako kadzuwa. Sabata yachiwiri masamba a chimanga amapindika masana n'kudzatambasuka usiku. Ikafika yachitatu sakutambasukanso, ndipo m'mudzi mumamveka mawu akuti chimanga chasanduka anyezi. Apa m'pamene bambo amayamba kuyang'ana mbuzi zili m'khola ndi diso lina, mayi n'kutsikira kudambo kukaona ngati chitsime cha chaka chatha chikadali ndi madzi.

Dera la mfumu yaikulu Kapondo lili m'boma la Mchinji, pachigwa chachikulu chimene chimayambira ku Lilongwe n'kukathera ku Kasungu, kumalire ndi dziko la Zambia. Ndi dziko la chimanga, mtedza, soya ndi fodya wa bale. Mwa maboma a m'Malawi, Mchinji sawerengedwa m'gulu la ouma. Mvula ya pachaka imazungulira mamilimita 1,000, kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo madzi ake amatsikira m'madambo n'kukalowa mu Rusa ndi mu Bua. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anasakaza kwambiri chigawo chakummwera, kuno kunali kungomvera pawailesi. N'chifukwa chake nyengo yoipa ya kuno kawirikawiri siionekera m'nyuzi. Palibe mlatho wokokoloka woti mtolankhani ajambule. Pamangokhala munda wobiriwira bwino umene pokolola umatulutsa zitsononkho.

Vuto lagona pa kagwedwe. Chaka chingathe kulandira mvula yokwanira mukaiwonkhetsa, koma theka lake n'kugwa m'masabata awiri, kenako kumwamba n'kuyera kwa masiku 20. Chimanga chimapirira ludzu chikadali chaching'ono. Chikafika pomasula ndi potulutsa ndevu sichipiriranso: ngayaye imathothola mungu pa nthawi yake, ndevu zimachedwa kutuluka chifukwa cha ludzu, ndipo zikamatuluka mungu watha. Mvula ikabwera pambuyo pake phesi limatsitsimuka, munda n'kukongola, koma chitsononkho chimakhala ndi maso owerengeka. Chimanga chodzalidwa kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala chimamasula chakumapeto kwa Januwale mpaka mu Febuluwale, nthawi yomwenso ng'amba imakonda kubwera.

Zimenezi ndi zomwe zinachitika mu 2024. Nyanja ya Pacific itatentha, chimene akatswiri a zanyengo amachitcha El Niño, mwezi wa Febuluwale unauma m'mayiko ambiri a kummwera kwa Africa. Pa 23 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mabanja a alimi pafupifupi 2 miliyoni anakhudzidwa, ndipo mahekitala oposa 749,000 a chimanga anapserera kapena kufota. Kafukufuku wa boma ndi mabungwe anapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzafunika thandizo la chakudya m'miyezi ya njala. Kwa anthu a m'malire panali chinthu china chowawitsa. Zaka zina Mchinji akalephera, chimanga chimabwera panjinga kuchokera kutsidya, kudzera m'njira za m'tchire zimene aliyense amazidziwa. Chaka chimenecho kutsidya nakonso kunapsa. Pulezidenti wa Zambia Hakainde Hichilema anali atalengeza kale za ngozi pa 29 Febuluwale, ndipo pafupifupi mahekitala 1 miliyoni a chimanga cha ku Zambia anali atawonongeka. Pofika kumayambiriro kwa 2025, thumba la chimanga la makilogalamu 50 linayandikira K100,000 m'misika ina ya m'Malawi.

Akuluakulu a kuno saiwala 2002. Chakumapeto kwa 2001, bungwe la Save the Children litayendera mabanja ku Mchinji ndi ku Salima linachenjeza kuti kukubwera njala yoopsa, koma mawu ake anachedwa kumveka, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngozi mu Febuluwale 2002 anthu atayamba kale kudya gaga ndi zitsinde za nthochi. Chodabwitsa n'chakuti njala imeneyo siinayambe ndi dzuwa. Inayamba ndi mvula yochuluka imene inamiza minda mu 2001, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Patapita zaka zinayi, mu 2006, ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopatsa ndalama mabanja ovutikitsitsa, inayesedwa koyamba m'boma lomweli la Mchinji isanafalikire dziko lonse.

Kumunda wa kumtunda

Njuga yoyamba ya mlimi ndi tsiku lodzala. Chizimalupsa cha mu Okutobala aliyense amachidziwa, palibe amene amataya mbewu chifukwa cha icho. Yovuta ndi mvula ya pakati pa Novembala, imene imagwa mwamphamvu masiku awiri, nthaka n'kunyowa mpaka kutalika kwa chikhatho, kenako n'kusowa. Wodzala pamenepo angathe kupambana anzake onse, chifukwa chimanga chake chimamasula ng'amba isanafike. Angathenso kuona mbewu itamera n'kupserera, ndiye akagulenso ina, pamene mbewu ya makono ndi yodula. Mabanja ambiri amagawa: kachigawo kena amadzala ndi mvula yoyamba, kwinako amadikira. Alangizi a zaulimi sakonda munda wa misinkhu iwiri, koma mwini khomo amadziwa chimene akuchita.

Mbewunso amasakaniza. M'masitolo a pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa boma, alimi satchula manambala, amatchula nyama: Kanyani, Mbidzi, Mkango, Njovu, mayina amene kampani ya Seed Co inapatsa mitundu yake potengera kutalika kwa nthawi yokhwimira. Kanyani amacha msanga ndipo amathawa ng'amba ya kumapeto, koma mvula ikakhala yabwino sabereka ngati Njovu, yemwe amafuna nyengo yaitali. Palinso mitundu yopirira chilala monga ZM 309 ndi ZM 523, imene inatulutsidwa mu 2009 ndipo mlimi angathe kusungako mbewu kwa zaka zingapo. Pambali pa zonsezi chamakolo sichinathe. Chimachedwa, chimabereka pang'ono, koma maso ake ndi olimba, chimakonoleka bwino mumtondo, ufa wake umapita patali ndipo anankafumbwe sachilowa msanga. Amayi ndi amene amachisunga, nthawi zambiri pomangirira zitsononkho pamwamba pa moto m'khitchini kuti utsi uzizifukiza.

Nthambi yoona zanyengo imatulutsa ulosi wa dzinja lonse chaka chilichonse mvula isanayambe, ndipo masiku ano imaugawa boma ndi boma. Uthengawu umafika kudzera mwa alangizi, m'mafoni ndi pa mawailesi, kuphatikizapo wailesi ya m'dera ya Mudzi Wathu. Ndi wothandiza posankha mbewu. Koma ulosi wonena kuti boma lonse lidzalandira mvula yocheperako suuza munthu tsiku limene mtambo udzalambalale mudzi wake n'kukakhuthukira mudzi woyandikana nawo, ndipo zimenezi zimachitika chaka ndi chaka.

Chimene mlimi ali nacho m'manja mwake ndi kusunga dontho limene lagwa kale. Njira yosavuta ndi ngonyeka, timizere todula pakati pa mizere kuti madzi asathamange koma akhale m'timabokosi n'kulowa pansi. Pamalo otsetsereka amayamba ndi akalozera, n'kudzalapo udzu wa vetiva. Ena amakumba maenje, kuthiramo manyowa, n'kudzala mbewu zingapo m'dzenje lililonse. Enanso anatsata ulimi wa mtayakhasu, wosagalauza nthaka koma kuphimbira ndi mapesi, umene mabungwe monga Total LandCare akhala akuphunzitsa m'chigawo chapakati kwa zaka zambiri. M'chaka cha ng'amba kusiyana kumaoneka ndi maso: munda wophimbira umakhala wobiriwira masiku angapo wa mnzake utafota kale, ndipo masiku angapowo nthawi zina ndi amene amalekanitsa wokolola ndi wogula.

Nanga bwanji si onse amene amatero? Ofalitsa njirazi amakonda kunena kuti alimi ndi osamva. Zoona zake n'zakuti njira iliyonse ili ndi mtengo wake. Maenje amakumbidwa mu Seputembala ndi Okutobala nthaka ili gwa, ndipo khasu limagunda chidindo cholimba chimene chinapangika pansi pa mizere chifukwa cholima kuya kumodzimodzi zaka makumi ambiri. Mapesi ophimbira ali ndi adani ambiri. Kukolola kukatha ziweto zimatayiriridwa, ndipo mwamwambo palibe amene angaletse ng'ombe za mnzake kudya m'munda mwake. Anyamata osaka mbewa amayatsa moto. Alimi a fodya amafuna mapesi omwewo kuti akawotche pa nazale. Mapesi akapulumuka, ena amaopa chiswe. Ndipo chaka cha mvumbi munda wophimbira umasunga madzi mopitirira, chimanga n'kuchita chikasu. Kumene mtayakhasu wakhazikika, kawirikawiri ndi kumene nyakwawa ndi anthu ake anagwirizana malamulo a ziweto ndi moto. Khomo limodzi palokha silingathe.

Njuga yachiwiri ndi feteleza. Wobereketsa amafunika kuthiridwa nthaka ili yonyowa, chimanga chikafika m'mawondo. Ukathira dzuwa n'kuwala sabata ziwiri, mphamvu yake imauluka. Ukathira n'kugwa chimvula cha usiku wonse, amatsukika n'kupita kudambo. Kale kutaya thumba limodzi kunali kowawa koma kopiririka. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba linadutsa K100,000, ndipo kulakwitsa tsiku kunasanduka tsoka la chaka chonse. Apa m'pamene feteleza wa Mbeya anatchukira. Mlimi amatenga makilogalamu pafupifupi 10 a feteleza wa kusitolo, kusakaniza ndi ndowe zouma zosefa, gaga ndi phulusa, kuwaza madzi pang'ono, kumanga m'thumba losalowa mpweya, n'kudikira masiku 21. Thumba limodzi logula limabala matumba anayi kapena asanu. Mphamvu yake siifanana ndi ya feteleza weniweni, ndipo amene amanena kuti n'chimodzimodzi amakokomeza. Ubwino wake ndi wakuti amabwezera chakudya m'nthaka ya mchenga imene inaguga, ndipo nthaka ya manyowa imasunga chinyezi nthawi yotalikirapo.

Kuyambira 2005, pamene boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza, mpaka pa ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP ya 2020, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lakhala likupita ku feteleza wa chimanga chodalira mvula. M'zaka za mvula yabwino nkhokwe zinadzadza, palibe angatsutse. Koma feteleza sagwira ntchito popanda madzi, ndipo ndalama zofika ku zitsime, madamu ang'onoang'ono ndi alangizi zakhala zochepa kwambiri poyerekeza. Mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa chikwi, nthawi zina wapanjinga yakapalasa.

Ng'amba imabweranso ndi mlendo. Mbozi zimene zinachokera ku America zinafika m'Malawi m'nyengo ya 2016/17, ndipo mu Disembala 2017 boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 chifukwa cha izo. Zimabisala mumtima mwa chimanga ndipo zimasakaza kwambiri kukatentha, pomwe mvula yamphamvu imazichepetsa. Amene alibe ndalama ya mankhwala amayenda phesi ndi phesi m'mamawa, kuthira mchenga, dothi kapena phulusa mumtimamo. Ena amawaza msuzi wa usipa wothira shuga kuti nyerere zibwere zidzadye mbozizo. Ndi ntchito yotopetsa imene nthawi zambiri imagwera amayi ndi ana.

Mtedza, kunyada kwa Mchinji

Mukafunsa munthu wa ku Lilongwe kumene kumachokera mtedza wabwino, adzatchula Mchinji. Chalimbana, wa maso akuluakulu, ndi amene anatchukitsa dera lino. Pambuyo pake akatswiri a kafukufuku wa zaulimi a ku Chitedze mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT anatulutsa CG7 wofiira uja mu 1990, kenako Nsinjiro, Kakoma ndi Baka. Mu 2004 alimi a bungwe la MASFA, nthambi ya NASFAM m'boma lino, analandira chiphaso cha Fairtrade n'kuyamba kutumiza mtedza ku Britain.

Pakhomo, mtedza ndi chishango. Sufuna feteleza wambiri, umasiya chonde m'nthaka, umapirira dzuwa kuposa chimanga, ndipo umagulitsika ndi mbale kapena ndi ndowa tsiku lililonse munthu akafuna ndalama ya sopo kapena ya kuchigayo. Komabe nyengo yoipa imaupeza m'njira zake. Matenda a kadukutu, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, amakula m'zaka zouma, makamaka m'munda wodzalidwa mochedwa ndiponso motalikirana. Apa pali msampha: banja limayamba ladzala chimanga ndi kuwokera fodya, mtedza n'kudikira mpaka Khirisimasi. Nsinjiro amalimbana ndi kadukutu, ndipo kudzala mizere iwiri pamzere umodzi kumatseka nthaka msanga, nsabwe n'kusowa potera.

Vuto lina silioneka ndi maso. Mvula ikatha msanga mtedza usanakhwime, makoko amang'aluka m'nthaka yotentha ndipo chuku chimalowa. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi ndipo amaganiziridwa kuti amathandizira kupinimbiritsa ana. Mayiko a ku Ulaya amakana mtedza wodutsa muyezo wochepetsetsa, ndipo ichi ndi china mwa zimene zinagwetsa msika wa kunja umene Malawi anali nawo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Alangizi amaphunzitsa kuumitsa mtedza pouunjika mwa njira ya Mandela, yosiya mpata pakati kuti mphepo izidutsa, ndi kusiya chizolowezi chowaza madzi pamakoko kuti asweke mosavuta. Chomvetsa chisoni n'chakuti mtedza ukasankhidwa, wabwino umapita kumsika, wofota ndi wothimbirira n'kutsala pakhomo kuti usinjidwe nsinjiro za ndiwo ndi phala la mwana.

Soya walowa mwamphamvu m'zaka zaposachedwa chifukwa amacha msanga ndipo mavenda amamufuna. Iye amaopa mvula ya kumapeto: akakhwima mvula ikugwabe amawola, akachedwa kuzulidwa dzuwa likawala makoko amathetheka, nyemba n'kumwazika.

Paja amati walira mvula walira matope. Chaka china vuto limakhala mvumbi wa masabata awiri, minda ya m'mphepete mwa dambo n'kumira, udzu n'kukula kuposa opalira. Matalala a mphindi khumi amaboola fodya yense wa pa ekala, tsamba limene mlimi analiyamba pa nazale mu Seputembala n'kutsika giredi lisanafike n'komwe kumsika wa fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro kwa dzinja imasasula madenga ndi kugwetsa zigafa, ndipo imachita zimenezi mosavuta masiku ano chifukwa mitengo imene inkaitchinga inathera m'zigafa momwemo, m'mauvuni a njerwa ndi m'makala.

Kudambo

Amene akufuna kudziwa chimene chimagwira khomo la kuno chaka chikavuta atsike kudambo mu Julayi. Chigwa cha Mchinji chili ndi madambo ambiri, otakata, opanda mitengo, amene amadzadza madzi m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Pakati pake pali dothi lakuda la makande, m'mbali muli mchenga wonyowa, ndipo m'mbalimo ndi mmene muli madimba. Madzi amakhala pafupi, moti munthu amangokumba chitsime chofika m'chiuno kapena m'khosi.

Dimba lili ndi kalendala yake. Madzi akayamba kuphwa mu Epulo ndi Meyi, mlimi amatsatira chinyezi, kudzala nyemba, mbatata ya kachewere ndi chimanga chosafuna kuthirira kwambiri. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo pansi pa dambo pamagwa chisanu chimene chimatha kuwaula matimati ndi nyemba usiku umodzi. Odziwa amadzala mpiru, repu, tchaina ndi kabichi m'miyezi imeneyi, matimati n'kuwasunthira chakumtunda, ena n'kumafukiza utsi m'mbandakucha. Kuyambira mu Ogasiti kumatentha, mbewu zimakula msanga, koma chitsime chimayamba kutsika ndipo chimafuna kukumbidwanso. Chimanga chodzalidwa mu Ogasiti kapena Seputembala chimakhwima mu Disembala ndi Januwale, m'kati mwenimweni mwa miyezi ya njala. Banja limene lili nacho limadya mondokwa, kugulitsako, n'kupeza ndalama ya feteleza wa kumtunda. Koposa apo, limakhala m'munda mwake nthawi yopalira, pamene anzawo ali paganyu.

Ntchito yake si yamasewera. Keni imodzi imanyamula malita oposa 10, ndipo munthu amanyamula ziwiri, kuchoka pachitsime kupita pabedi, kubwerera, m'mawa ndi madzulo. Kadimba kakang'ono kamadya maulendo osawerengeka. Mpanda wa minga kapena wa udzu umafunika kukonzedwa chaka chilichonse, apo ayi mbuzi zimamaliza m'maola awiri ntchito ya miyezi iwiri. Boma linagawa mapampu opalasa ndi miyendo ambirimbiri njala ya 2002 itatha. Ena anathandiza, ambiri anaima atasowa timphira ndi mapaipi. Mapampu a petulo amatunga madzi ambiri koma amadalira mafuta, amene m'zaka zaposachedwa akhala akusowa. Tsopano maso ali pa mapampu a sola, omwe sadya mafuta, koma mtengo wogulira ndi wa gulu kapena wa munthu wogulitsa fodya bwino.

Ndiye pali msika. Chaka cha ng'amba aliyense amathamangira kudimba, ndipo ambiri amadzala chinthu chimodzi nthawi imodzi. Matimati akapsa onse pamodzi, dengu limene linali la ndalama zambiri mu Febuluwale limagulidwa mtengo wonyozeka mu Seputembala, ndipo wogula wochokera ku Lilongwe ndi amene amatchula mtengo chifukwa akudziwa kuti katunduyo sagona masiku atatu. Kuyambira cha mu 2016 matimati alinso ndi kambozi kake ka Tuta absoluta, koboola masamba ndi zipatso, kamene kachititsa alimi kupopera mankhwala pafupipafupi, nthawi zina mpaka tsiku lothyola. Alimi ochenjera amadzala mosiyanitsa masabata, kapena amasankha anyezi amene amatha kusungika.

Koma funso lalikulu ndi la dambo lenilenilo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma la Mchinji, ndipo gawo lalikulu la malo abwino lili m'maesiteti amene anatsegulidwa nthawi ya fodya m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Minda ikuchepa, ndipo madimba akulowa mpaka pakati pa dambo, pamene kale panali msipu wa ng'ombe ndi udzu wofolerera nyumba. Udzu wa m'dambo ndi umene umachedwetsa madzi. Ukagalauzidwa, madzi a m'dzinja amakumba ngalande, ngalande n'kusanduka chigwembe, ndipo chigwembe chimatsitsa madzi a pansi pa dambo lonse. Kumtunda nako mitengo ikatha mvula imathamanga osalowa pansi. Mabulugama odzalidwa m'mphepete mwa dambo amamwa madzi chaka chonse. Pampu ya mphamvu ya munthu mmodzi ingathe kuumitsa zitsime za anzake asanu. Madambo ena amene ankasunga madzi mpaka mvula yotsatira tsopano amaphwa mu Okutobala. Malangizo a boma amaletsa kulima m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, koma kuuza munthu amene chimanga chake chapsa kuti asiye malo onyowa ndi nkhani yovuta ngakhale kwa mfumu.

Si khomo lililonse lili ndi dimba. Malo a kudambo amatsata mbumba, ndipo obwera, matenanti a m'maesiteti ndi achinyamata ongokwatira kumene ambiri amachita kubwereka kapena kuchita lendi.

Pakhomo penipeni

Munda wachitatu sutchulidwa kawirikawiri chifukwa suoneka ngati munda. Ndi kuseri kwa nyumba, pamene madzi a kubafa ndi otsukira mbale amathera pa nthochi, papaya ndi mpiru wa m'matumba. Ndi pa dzala, pamene maungu amamera okha. Ndi m'mizere ya chimanga, mmene mayi amaponyamo nthanga za maungu, khobwe, mphonda ndi zipwete, n'kusiya bonongwe, luni, chisoso ndi denje kuti zikule popalira. Zambiri mwa ndiwo zimenezi zimapirira dzuwa kuposa repu ndi kabichi, ndipo sizifuna mankhwala. Mu Malichi ndi Epulo zikachuluka amazifutsa, kuziyanika, n'kuzimanga m'zikwatu za masamba a msuku. Mfutso wa nkhwani kapena wa khwanya wotendera ndi umene umadyetsa banja mu Okutobala, ndiwo zikasowa.

Mbatata ndiyo imapulumutsa chaka chimene chawonongeka kale. Chimanga chikapsa mu Febuluwale palibenso nthawi yodzala china, koma mbatata yowokedwa ndi mvula ya kumapeto imakhwima m'miyezi itatu kapena inayi, ndipo kholowa amayamba kudyedwa msanga. Mitundu yofiira mkati, ya vitamini A, monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire, inatulutsidwa mu 2011. Chovuta ndi mbewu. Mbatata imafalikira ndi zingwe zake, ndipo zingwezo ziyenera kukhala zamoyo chilimwe chonse, malo onyowa otetezeka ku mbuzi. Apanso mwini dimba ndi amene amapambana, chifukwa nthawi imene aliyense akusaka zingwe, iye amagulitsa mtolo.

Mitengo ina imagwira ntchito mwakachetechete. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, motero sulanda chimanga dzuwa, ndipo pansi pake mbewu zimakhala zobiriwira ngakhale popanda feteleza. Umatenga zaka zambiri kuti ukule. Gilisidiya amafulumira, ndipo masamba ake amakwiriridwa m'mizere. Mango a pakhomo amapsa mu Novembala ndi Disembala, ndipo m'chaka cha njala aawisi omwe amaphikidwa.

Zokolola zikalowa m'nyumba pamabwera chiyeso chomaliza. Nkhokwe za nsungwi zapanja zikutha, chifukwa cha akuba ndi anankafumbwe, ndipo chimanga chimagona m'matumba kuchipinda, chothira mankhwala kapena chotsekeredwa m'matumba a PICS osalowa mpweya. Koma mu Meyi ndi Juni mavenda amakhala atamangirira masikelo pansi pa mtengo uliwonse, ADMARC ilibe ndalama kapena siinatsegule, ndipo pakhomo pali ngongole ya feteleza, fizi ya mwana ndi matenda. Boma limalengeza mitengo yoyambira, koma sikelo ya pamudzi siimva wailesi. Banja limagulitsa motchipa, n'kudzagula chimanga chomwecho mu Januwale pamtengo wowirikiza kawiri kapena katatu. Ndalama yogulira imachokera kuganyu, kupalira m'munda mwa wina kapena kuesiteti, ena mpaka kuwoloka malire kukagwira ntchito m'minda ya ku Chipata, pamene munda wawo ukumera tchire. Zokolola za chaka chotsatira zimachepa ngakhale mvula itagwa bwino, ndipo ng'amba ya chaka chimodzi imalipiridwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Mabanki a m'khonde athandizako pamenepa. Magulu ambiri amagawana ndalama chakumapeto kwa chaka, nthawi yogula mbewu ndi feteleza, ndipo ngongole yaing'ono ya mu Juni imatha kuletsa mayi kugulitsa matumba awiri. Mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zimagwira ntchito yomweyo, ngakhale kuti chaka cha njala aliyense amagulitsa nthawi imodzi, mitengo n'kugwa: mbuzi imene mu Julayi ikanagula matumba awiri a chimanga, mu Febuluwale siikwanitsa ngakhale limodzi. Amene amazidziwa zimenezi amagulitsa mbuzi chimanga chikadali chotchipa, n'kusunga matumbawo, ndipo ndowe za zotsalazo amazikokolola m'khola mu Ogasiti kuti zikalowe mu Mbeya.